Ndinanama kuti ndavulalira kunyumba, bilu ya chala inatsata ine

Abale anga amene muli kuno ku Joni, makamaka inu a m'makhitchini, m'magaladeni ndi m'mabutchala, ndati ndilembeko zimene zinandionekera ndi chala changa chamanthu chakumanzere. Ndinali nditaisiya nkhaniyi chifukwa imandichititsa manyazi, koma sabata yatha mnyamata wina wakwathu wandiimbira foni ndi nkhani yofanana ndendende, nde ndaona kuti ambirife tikugwera m'mbuna imodzi yomweyo.

Ine ndimagwira pa lesitilanti ina cha ku Randburg, nthawi imeneyo ndinali kotsuka mbale. Linali Lachisanu madzulo, inu mukudziwa mmene Lachisanu limakhalira, mbale zikungobwera osapuma, sinki yadzaza thovu osaona pansi. Wina mwa ma waiter anaponyamo tambula ya wine yosweka osandiuza. Ine ndinapisa dzanja kuti ndichotse chotsekera madzi, ndinangomva ngati chinachake chandikanda basi, ululu panalibe, kenako ndikuona thovu lija likusanduka lofiirira. Potulutsa dzanja ndinapeza chala chang'ambika kuyambira pamimba pake, kudutsa m'mbali mpaka kukalowa m'chikhadabo, chikhadabocho chitagawanika kachidutswa kena kakungolendewera. Magazi ake eeh, ngati ndapha nkhuku. Mayi wina wa ku Zimbabwe amene timagwira naye anandikulunga ndi kansalu kopukutira mbale n'kundiuza kuti ndikweze mkono m'mwamba, ndipo asanakulunge anajambula chithunzi n'kuponya pa gulu lathu la WhatsApp la antchito kuti ma waiter aone zimene achita. Chithunzi chimenecho muchikumbukire, tichipezanso kutsogoloku.

Manejala anabwera, anandikokera kukhomo lakuseri kumene timatayira zinyalala, n'kundilankhula mofatsa kwambiri ngati m'bale wanga. Akuti ukafika kuchipatala usakanene kuti wavulalira pano, ukanene kuti umatsuka mbale kunyumba, za IOD, ndiye kuti kuvulala pa ntchito, mapepala ake ndi ambirimbiri ndipo zimatenga miyezi, iwe kangolipira ine ndikubwezera Lolemba. Nthawi imeneyo pemiti yanga inali itatsala pang'ono kutha ndipo ndimadalira kalata yochokera kwa bwana yemweyo, ndiye mukuganiza ndikanayankha chani? Ndinangoti chabwino bwana. Anandiitanira Uber, ulendo wa ku casualty ya chipatala china cha pulayiveti chapafupi.

Pa fomu yoyamba imene amakupatsa pa desiki paja pali kafunso kakang'ono kwambiri, kofunsa ngati wavulala uli pa ntchito, uchonge inde kapena ayi. Ine ndi dzanja lamanja likunjenjemera ndinachonga ayi. Nesi anandifunsanso, ndinati kunyumba. Adokotala anafunsanso kachitatu uku akulemba, ndinati kunyumba, ndimatsuka matambula. Katatu konse ngati Petulo kkkk. Ntchito yawo anaigwira bwino, zimenezo sindingawanamizire. Anandibaya jekeseni wa dzanzi mbali zonse ziwiri patsinde pa chala, ananditumiza ku X-ray kuti aone ngati mwatsalira kagalasi poti galasi limaoneka pa X-ray, mwamwayi munalibe, anatsuka balalo nthawi yaitali, anachotsa kachidutswa ka chikhadabo kaja n'kusoka pansi pake ndi m'mbali monse. Anandifunsa kuti jekeseni wa kafumbata ndinabayitsa liti, ine kukumbukira kwake kunali kwa ku pulayimale, nde anandibaya paphewa. Ndinalipira dipoziti ndi khadi langa n'kumapita, mumtima ndikuti zatha, Lolemba ndalama yanga ibwerera.

Chimene sindimadziwa n'chakuti ku pulayiveti kuno bilu siibwera imodzi. Chipatala chimatumiza yake ya chipinda, mabandeji, ulusi ndi mankhwala. Adokotala a ku casualty amatumiza yawo payokha. A X-ray nawonso ndi kampani ina, yawo payokha. Zinayamba kugwa pa imelo imodziimodzi ngati mvula yoyamba, ndipo nditaphatikiza zonse zinapitirira R6 000, ndalama imene kwa ine wotsuka mbale inali pafupifupi mwezi wathunthu. Ndinapita nazo kwa manejala uja. Anandipatsa R500 ya m'thumba mwake, kenako anatenga pepala la adokotala, analiyang'ana n'kunena mosaseka kuti kampani singalipire munthu amene wavulalira kunyumba kwake, pepalali likunena lokha. Masiku 9 amene ndinakhala osagwira ntchito anandidulanso. Ndinatuluka mu ofesimo pakamwa pali gwaa.

Amene anandipulumutsa ndi asisi anga aakulu, amakhala ku Kempton Park ndipo agwira zaka zambiri mu ofesi ya ma akaunti ya madokotala ena, ntchito yawo ndi yomweyi yolemba mabilu n'kumatumiza ku ma medical aid. Ndinapita Lamulungu kukadya nsima, chala chili mbuu ndi bandeji, ndinayesa kubisa nkhani koma iwo anangoti bweretsa mapepalawo ndione. Anavala magalasi, sanayang'ane n'komwe ndalama zimene ine zimandisowetsa tulo, anapita ndi chala chawo pa kakolamu kena kakang'ono kolembedwa ICD-10 kamene ine ndinkaona ngati manambala a risiti chabe. Panalembedwa S61.0 ndi W25.03. Anavula magalasi aja n'kundiyang'ana.

"Iwe, unavulalira kunyumba kwa ndani? Kuchipinda kwako kuja kuli matambula a wine?"

Ndinaulula zonse. Anandikalipira kaye mphindi zingapo monga mwa ufulu wawo, kenako anatenga bolopeni ndi kuseri kwa envelopu n'kuyamba kundiphunzitsa, ndipo zimene anandiuzazo ndi zimene ndikufuna nanunso mudziwe.

Manambala amenewa ndi a buku la bungwe la WHO limene linapatsa matenda ndi kuvulala kulikonse kodi yakeyake. Kuno ku South Africa bilu iliyonse ya dokotala yopita ku medical aid imayenera kukhala nawo, ndipo anthu olipirawo saona chala chako, saona magazi, sakumana ndi dokotala, amangoona tizilembo timeneti basi. S61 ndi bala lotseguka la padzanja. S61.0 ndi bala la chala koma chikhadabo chili bwinobwino, S61.1 ndi bala la chala limene lawononganso chikhadabo. M'buku limeneli chala chamanthu chilibe kodi yakeyake pa nkhani ya bala, chimalowa limodzi ndi zala zinazo. Ndiye cholakwika choyamba chinali pomwepo, ine chikhadabo anachita kuchotsa chidutswa n'kusoka pansi pake koma pepala likuti chikhadabo sichinakhudzidwe. Asisi akuti zimenezi zimachitika kwambiri, wolemba bilu akathamanga amangotenga kodi imene anaizolowera, ndiye wolipira akaona kuti ntchito imene dokotala akulipiritsa ndi ya chikhadabo koma kodi ikuti chikhadabo chilibe vuto, amabweza bilu yonse, ndipo ikabwezedwa amene amayamba kulandira ma SMS a ngongole ndi iweyo.

Koma chachikulu chinali chachiwiricho, W25.03. Kodi ya bala siyenda yokha, imayenera kukhala ndi inzake yofotokoza chimene chinakuvulaza, ndipo ikasowa imeneyi bilu imakanidwanso. W25 ndi kuchekedwa ndi galasi lakuthwa. Manambala awiri akumapetowo ndi amene ali ndi nkhani yonse. Yoyamba imanena malo: 0 ndi kunyumba, 4 ndi mumsewu, 5 ndi malo a malonda ngati shopu kapena lesitilanti, 6 ndi ku fakitale kapena pomanga, 7 ndi ku famu. Yachiwiri imanena zimene umachita: 0 masewero, 1 kungocheza kapena kusangalala, 2 kugwira ntchito yolipidwa, 3 ntchito zina zosalipidwa monga kuphika ndi kutsuka mbale pakhomo pako. Nde 03 yanga ija imatanthauza kuti kunyumba, akugwira ntchito zapakhomo. Bodza langa lonse lija, limene ndinalinena katatu, linakwana m'manambala awiri. Zoona zake zinayenera kukhala W25.52, pa lesitilanti, ali pa ntchito yolipidwa.

Apa ndipatukeko pang'ono chifukwa ndinadzisokoneza ndekha usiku umenewo. Nditafika kunyumba ndinalowa pa Google kufufuza S61.0, ndipo zimene zinabwera ndi manambala ataliatali ngati S61.012A ndi S61.112A, ine n'kuyamba kuganiza kuti mwina achipatala analemba kodi yoperewera, m'mawa mwake ndinawaimbira asisi ndili ndi ukali wa munthu amene watulukira chinsinsi. Anaseka. Amenewo ndi a ku America, iwo ali ndi mtundu wawo wotchedwa ICD-10-CM umene anayamba kugwiritsa ntchito mu 2015, ndipo kumeneko chala chamanthu chili ndi makodi akeake osiyana ndi zala zina, amasiyanitsa chakumanja ndi chakumanzere, bala long'ambika, loboola kapena lolumidwa, muli kanthu kotsalira kapena ayi, ndipo chilembo chakumapeto chimanena ngati uli pa chithandizo choyamba, A, kapena wabwera kudzaonetsa pochira, D. Ndiye S61.112A ndi chala chamanthu chakumanzere chong'ambika, chikhadabo chawonongeka, mulibe chotsalira, chithandizo choyamba. Abale athu amene ali ku America amenewo ndi awo. Ife kuno musapite nawo ku ofesi ya ma akaunti mukawaonetse pa foni, akakusekani ngati mmene anandisekera ine.

Asisi anandionetsanso kuti pa bilu pali manambala a mitundu itatu ndipo osawasakaniza. A ICD-10 amanena vuto lako. Ena a manambala anayi amanena ntchito imene dokotala wagwira, mwachitsanzo 0300 ndi kusoka bala, ndipo mtengo wake umaphatikiza kale chisamaliro chanthawi zonse chapambuyo pake, choncho ukabwerera kwa dokotala yemweyo kukachotsa ulusi n'kuona akulipiritsa ngati wabwera ndi bala latsopano uli ndi ufulu wofunsa. Achitatu ndi a NAPPI, amenewa ndi a mankhwala ndi zipangizo, bandeji, ulusi, jekeseni, chilichonse chili ndi nambala yake. Jekeseni wa kafumbata uja naye ali ndi kodi yake ya chifukwa, Z23.5, ndipo tsiku lochotsa ulusi amalemba Z48.0. Ukapempha sitetimenti yofotokoza chimodzichimodzi amakupatsa, ine ndinapempha ndipo ndinaona ngakhale magolovesi.

Tsono kukonza kwake ndiye kunali ntchito. Ine ndimaganiza kuti ndingoimba foni ku ma akaunti n'kunena kuti sinthani 03 ikhale 52. Ayi ndithu. Mtsikana wa pa foniyo anandiuza mwaulemu kuti iye sangasinthe kodi chifukwa choti wodwala wanena, kodi imachokera pa zimene dokotala analemba m'fayilo, akasintha yekha ndiye kuti ndi chinyengo ndipo ntchito yake itha. Za chikhadabo zinali zosavuta chifukwa adokotala anali atalemba bwinobwino m'fayilo kuti asoka pansi pa chikhadabo, anangoyang'ana n'kuvomera kuti inde apa tinaphonya, S61.1. Koma za malo, fayilo imanena zimene ine mwini ndinanena. Panalibe njira ina, ndinayenera kupita ndekha kukakumana ndi adokotala aja n'kuwauza kuti ndinakunamizani.

Ndinadikira pa benchi ya ku casualty maola awiri kuti amalize shifiti. Atatuluka ndinawafotokozera mutu uli pansi, ndinawaonetsa chithunzi chija cha pa WhatsApp, chikuoneka tsiku ndi nthawi, dzanja langa lili pamwamba pa sinki yachitsulo ya ku ntchito, epuloni ya kampani ili m'khosi, kumbuyo kukuoneka mulu wa mbale zoti palibe munthu angakhale nazo kuchipinda cha lendi. Sanakalipe. Anangopumira m'mwamba n'kunena kuti sindine woyamba, ndipo anandikumbutsa kuti usiku ujanso ndinabwera nditavala nsapato za ku khitchini. Anati sangafufute zimene analemba, koma alemba mawu owonjezera a tsiku limenelo ofotokoza kuti wodwala wabwera kudzakonza mbiri ya ngozi yake, ndipo kuti adzadzaza lipoti lawo akangolandira fomu yochokera kwa abwana anga.

Fomu imeneyo ndi W.Cl.2. Apa ndi pamene ndinadziwira lamulo limene ndikanalidziwa kale, la COIDA, la chaka cha 1993, limene limayang'anira anthu ovulala pa ntchito. Bwana aliyense amayenera kulembetsa ku Compensation Fund, thumba la boma lolipira ovulala pa ntchito, ndi kumasonkhako, ndipo wantchito akavulala bwana ali ndi masiku 7 oti akanene za ngoziyo. Gawo B la W.Cl.2 amakupatsa iweyo kuti upite nalo kwa dokotala. Dokotala amadzaza W.Cl.4, lipoti loyamba, kenako W.Cl.5 la mmene ukuchirira mpaka lomaliza, ndipo ukabwerera ku ntchito bwana amadzaza W.Cl.6. Bilu ya chipatala imapita ku thumba limenelo, osati kwa iwe, ndipo bwana saloledwa kukudula malipiro kuti alipirire chithandizocho. Ukakhala kunyumba masiku opitirira 3 chifukwa cha kuvulalako umayenera kulandira 75% ya malipiro ako, miyezi itatu yoyamba amapereka ndi bwana kenako iye amakaitanitsa ku thumbalo. Mapepala ambirimbiri amene manejala ankandiopseza nawo aja, mbali yanga inali kope la pasipoti, pemiti ndi payslip basi.

Ndipo inu azimayi ndi azibambo ogwira m'nyumba za anthu, musamvere zoti lamuloli si lanu. Kale linkakusiyani kunja, zoona, koma mu November 2020 khoti lalikulu la malamulo a dziko lino, pa mlandu wa Mahlangu, linagamula kuti kusiya antchito a m'nyumba n'kosemphana ndi malamulo. Mlanduwo unayamba chifukwa cha mayi wina wantchito wa m'nyumba amene anamira mu swimming pool ya abwana ake, mwana wake n'kukanizidwa chipepeso. Nde kwa inu samalani kwambiri ndi manambala awiri aja, chifukwa malo adzalemba 0, kunyumba, poti ndi nyumba ndithu, koma yachiwiriyo iyenera kukhala 2. Mukangoti ndinadzicheka ndikutsuka mbale kunyumba osanena kuti ndi kunyumba kwa abwana ndipo munali pa ntchito, wolembayo aika 3 mosalakwa.

Manejala uja anakana kudzaza fomu, zimenezo mukanayembekezera. Asisi anati usalimbane naye, lembera mwini wake wa lesitilanti, mwaulemu, pa imelo osati pakamwa, uike tsiku, nthawi, chithunzi, dzina la mboni ndi kalata ya adokotala. Mayi wa ku Zimbabwe uja anavomera kulemba zimene anaona ngakhale amaopa, Mulungu amudalitse mayi ameneyo. Zinapezeka kuti mwini wakeyo nkhani yonse samaidziwa n'komwe, kampani inali yolembetsa kale ndipo imasonkha chaka chilichonse, manejala amangofuna kuti buku lake la ngozi lioneke loyera. Fomu inadzazidwa mochedwa ndi kalata yofotokoza chifukwa chake. Zinatenga miyezi kuti zonse zilongosoke, sindikunamizani, ndipo pa nthawi imeneyo ma SMS a ngongole ankabwerabe, ine ndinkangoimba ku ma akaunti onse atatu kuwapatsa nambala ya claim kuti aimike kaye. Onse atatu payekhapayekha, chifukwa ukauza achipatala usaganize kuti a X-ray amva. Dipoziti yanga inabwerera, masiku anga 9 anandilipira 75% ija. R500 ya manejala sindinabweze, kaya ndi tchimo kaya.

Chimene chimandiopsa ndikaganiza ndi chimene chinabwera pambuyo. Ulusi atachotsa, bala litapola, mbali imodzi ya nsonga ya chalacho inakhalabe ya dzanzi, ndikagwira mbale yotentha sindimamva mpaka itandiwotcha, batani la malaya limandivuta. Ndinabwerera, ananditumiza kwa dokotala wa manja, anandiyeza ndi kachitsulo ka nsonga ziwiri akundifunsa nditatsinzina kuti ndikumva ziwiri kapena imodzi, mbali inayo ndimamva ziwiri, mbali yovulalayo imodzi kapena osamva n'komwe. Anati galasi linakhudza kamtsempha kakang'ono kopereka mphamvu yakumva, ndipo pa pepala panawonjezeka kodi ina, S64.3, imene ndi kuvulala kwa mtsempha wakumva wa chala chamanthu. Anandipinditsanso chala uku akukankha kuti aone ngati mtsempha wokoka uli bwino, umenewo ukanaduka ikanakhala S66.0 ndi opaleshoni ya ku fiyeta. Wanga unali bwino. Koma dokotala wa manja uja, ndi maulendo a ku physio amene anatsatira, zonsezo zinalowa pa claim yomwe ija chifukwa pepala tsopano limati W25.52. Zikanakhala pa 03 sindikanapitako n'komwe, ndikanangoti chipola chokha. Komanso dziwani kuti si madokotala onse amene amalandira odwala a IOD, imbani kaye mufunse musanawononge ya thiransipoti, ine ndinabwezedwa malo amodzi.

Mnyamata wandiimbira sabata yatha uja ndi wa m'butchala, mpeni unamudya chala chomwecho, abwana ake amuuza mawu omwewo ngati anaphunzira sukulu imodzi ndi manejala wanga. Ndamuuza kuti asanachoke pa desiki ya chipatala apemphe pepala lokhala ndi makodi, aone ngati pali S61.0 kapena S61.1 malinga ndi chikhadabo chake, aone ngati kodi ya W ilipo ndipo ikuthera pa 2, ajambule chilichonse, chala, malo, fomu imene wasainira. Akauze adokotala ndendende chimene chinamucheka, dzanja liti, nthawi yanji, kuti, akuchita chani, ndipo ngati nsonga ya chala sakuimva kapena sichikupindika anene tsiku lomwelo kuti zilowe m'fayilo. Iye anali atachonga kale ayi ngati ine. Mawa m'mawa ndikumuperekeza kukadikira adokotala ake pa benchi, ndapempha kale off, asisi atumiza envelopu yawo ija pa WhatsApp kuti akaonetse manambala.